Ana 123 a ku Ypsilanti ndi zimene zinaoneka atakula

Mu Okutobala 1962, kagulu ka ana a zaka zitatu ndi zinayi kanayamba kusonkhana m'mawa uliwonse pa sukulu ya pulayimale ya Perry, m'tauni ya Ypsilanti, m'chigawo cha Michigan ku United States. Ana onsewo anali akuda, ochokera m'mabanja osauka. Ankakhala ndi aphunzitsi maola awiri ndi theka, kenako n'kubwerera kwawo. Kamodzi pa sabata mphunzitsi ankapita kunyumba kwa mwana aliyense kukacheza ndi mayi ake. Ntchito yonse inali yomweyi, ndipo mwana ankakhala m'sukuluyo chaka chimodzi kapena ziwiri basi.

Ochita kafukufuku akhala akuwatsatira ana amenewa kwa zaka zoposa 50, mpaka afika pofunsa za ana awo. Mbiri yawo ndi yofunika kwa aliyense amene amayeza ntchito za maphunziro a ana aang'ono, chifukwa phindu la sukuluyo linazimiririka pa mayeso amene akatswiri ankawadalira, n'kudzaonekera mochedwa m'zinthu zimene poyamba sankaziwerengera.

Tauni ndi sukulu yake

Pakati pa zaka za m'ma 1910 ndi 1970, anthu akuda pafupifupi 6 miliyoni anasamuka m'zigawo za kum'mwera kwa United States kupita kumpoto ndi kumadzulo, pothawa malamulo a tsankho ndi kufuna ntchito. Ypsilanti, tauni yaing'ono ya kumadzulo kwa Detroit, inalandira ambiri a iwo pa nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, pamene kampani ya Ford inatsegula fakitale ya ndege zankhondo pa Willow Run, pafupi ndi tauniyo. Mu 1943 fakitaleyo inali ndi antchito oposa 40,000. Nkhondo itatha mu 1945 ntchito yopanga ndege inaima, koma mabanja anatsala. Akuda ankapeza nyumba mbali ya kum'mwera kwa tauni, ndipo ana awo ankaphunzira pa sukulu ya m'dera lomwelo, imene inadzatchedwa Perry pokumbukira dokotala wa mano wakuda, Lawrence Perry.

Mu 1954 khoti lalikulu la dzikolo linagamula kuti kupatula ana m'sukulu chifukwa cha khungu n'kosemphana ndi malamulo. Ku Ypsilanti chigamulocho sichinasinthe zambiri, popeza chimene chinkapatula ana kumeneko chinali malo okhala. David Weikart, katswiri wa za maganizo amene ankayang'anira maphunziro a ana ofunika chithandizo chapadera m'tauniyo, anaona kuti ana a pa Perry ankakhala pansi pa mayeso chaka ndi chaka. Ambiri ankabwereza kalasi, ena ankatumizidwa m'makalasi a ana otchedwa ofooka nzeru, ndipo ambiri ankasiya sukulu asanamalize sekondale. Akuluakulu ena a sukulu ankati anawo anabadwa choncho ndipo palibe chochita. Mphunzitsi wamkulu wa pa Perry, Eugene Beatty, amene anali wakuda, sanagwirizane nawo. Ataona kuti kusintha makalasi a pulayimale kukukanika, Weikart ndi anzake anaganiza zowafikira anawo asanayambe sukulu.

Masiku amenewo boma silinkayendetsa sukulu za mkaka. Akatswiri amene anafunsidwa nzeru anakayika ngati ana a zaka zitatu ochokera m'mabanja otere angapindule, ndipo ena anati mwina zingawapweteke. Kukayika kumeneku n'kumene kunachititsa kuti ntchitoyo iyambe ngati kafukufuku wa magulu awiri, lina lolowa sukulu ndi lina lotsala pakhomo, kuti pambuyo pake ayerekezedwe.

Mmene ana anasankhidwira

Kuyambira 1962 mpaka 1965 analemba ana 123. Mwana ankalembedwa ngati banja lake linali losauka, potengera maphunziro a makolo, ntchito yawo ndi kuchuluka kwa anthu m'nyumba, komanso ngati anapeza pakati pa 70 ndi 85 pa mayeso a nzeru a Stanford-Binet, pamene mwana wamba amayembekezeka kupeza 100. Anawo anagawidwa m'magulu awiri ofanana, ndipo gulu lolowa sukulu linasankhidwa poponya ndalama yachitsulo m'mwamba, monga amachitira oimbira mpira masewera asanayambe. Ana 58 analowa, 65 anatsala. Panali zosintha pang'ono: ana a mimba imodzi anaikidwa m'gulu limodzi, ndipo ana ochepa amene amayi awo ankagwira ntchito masana anasamutsidwira ku gulu lotsala chifukwa sakanapezeka pakhomo mphunzitsi akabwera.

Mayeso a Stanford-Binet a nthawiyo anali ndi vuto lake. Muyeso wake unakonzedwa mu 1937 pogwiritsa ntchito ana a azungu okhaokha, ndipo mafunso ambiri ankadalira mawu ndi zinthu za m'nyumba za azungu opeza bwino. Aphunzitsi awiri a pa Perry, Evelyn Moore ndi Louise Derman-Sparks, anadzalemba atakalamba kuti iwo sankawaona anawo ngati ofooka nzeru. Ankaona ana ochenjera amene mayeso ankawafunsa za dziko limene sanakuliremo. Mu 1979 khoti lina ku California linaletsa kugwiritsa ntchito mayeso otere potumiza ana akuda m'makalasi a ofooka nzeru.

Zimene zinkachitika m'kalasi ndi pakhomo

Sukulu inkatsegula masiku asanu pa sabata, kuyambira Okutobala mpaka Meyi. Mphunzitsi mmodzi ankasamalira ana asanu kapena asanu ndi mmodzi, ndipo aphunzitsi onse anali ophunzira bwino ntchito yawo. Ana sankakhala pa benchi n'kumaloweza. Ankamanga ndi timatabwa, kujambula, kusewera masanje, kumvera nkhani ndi kupita kukaona malo osiyanasiyana. Aphunzitsi ankawafunsa mafunso ofuna kuti mwana afotokoze, osati kungoyankha kuti inde kapena ayi. Pang'ono ndi pang'ono panakhazikika chizolowezi chimene bungwe la HighScope, limene Weikart anayambitsa mu 1970, linadzafalitsa: mwana amanena zimene akufuna kuchita, amazichita, kenako amabwera kudzafotokoza mmene zayendera.

Ulendo wa kunyumba unkatenga ola limodzi ndi theka. Mphunzitsi ankabwera ndi zoseweretsa kapena buku, n'kukhala pansi ndi mwana ndi mayi ake. Kwa amayi ambiri, amene uthenga wochokera kusukulu unkatanthauza kuti mwana walakwa, aka kanali koyamba kuona mphunzitsi akulowa m'nyumba mwawo kudzanena zimene mwana akutha kuchita. Kwa mphunzitsi nakonso unali mwayi wodziwa mmene mwana amakhalira ndi mmene amalankhulira akakhala kwawo.

Zaka za kukhumudwa

Zotsatira zoyamba zinali zosangalatsa. Pofika zaka zisanu, ana 67 peresenti a m'gulu lolowa sukulu ankapeza 90 kapena kuposa pa mayeso a nzeru, pamene m'gulu lotsala anali 28 peresenti. Koma atalowa m'sukulu za pulayimale za masiku onse, kusiyanako kunayamba kuchepa. Pofika zaka 10 magulu onse awiri ankapeza pafupifupi 85.

Izi zinachitika pa nthawi yovuta. Mu 1965 boma la Pulezidenti Lyndon Johnson linali litayambitsa Head Start, ntchito yaikulu ya sukulu za mkaka za ana osauka, imene inalandira ana oposa 500,000 m'chaka chake choyamba. Mu 1969 lipoti la Westinghouse linanena kuti phindu la Head Start pa mayeso limatha ana akafika m'makalasi oyambirira a pulayimale. Chaka chomwecho Arthur Jensen, wa pa yunivesite ya California ku Berkeley, analemba kuti maphunziro othandiza ana osauka alephera, ndipo ananena kuti kusiyana kwa akuda ndi azungu pa mayeso a nzeru kungakhale kochokera ku chibadwa. Asayansi ambiri anamutsutsa, komabe mawu ake anapatsa mphamvu anthu amene ankafuna kuti ndalama za ntchito zotere zidulidwe.

Kafukufuku wa Perry akanatsekedwa pamenepo, akanakhala umboni wina wa mbali ya Jensen. Weikart ndi anzake anapitiriza kusonkhanitsa mbiri ya anawo. Ankafufuza m'mabuku a sukulu, kenako m'mabuku a apolisi ndi a maofesi a chithandizo cha osauka, ndipo ankapita kukacheza ndi eni akewo kulikonse kumene anasamukira. Pa zaka zonsezo mbiri imene inasowa inali yochepa kwambiri, pafupifupi 6 peresenti, zimene sizichitika kawirikawiri pa kafukufuku wa nthawi yaitali chonchi.

Zimene zinaoneka mochedwa

Kusiyana kunabwerera anawo ali ndi zaka 14. Pa mayeso a kuwerenga, masamu ndi chilankhulo, 49 peresenti ya gulu lolowa sukulu inafika pa muyeso woyambira, pamene m'gulu lotsala munali 15 peresenti yokha, ngakhale kuti pa mayeso a nzeru magulu awiriwo anali ofanana. Ana a m'gulu loyamba ankatumizidwanso mochepa m'makalasi a ofooka nzeru. Ali ndi zaka 19, theka la gulu lolowa sukulu linali pa ntchito, poyerekeza ndi 32 peresenti ya gulu linalo.

Lipoti la 2005, lofotokoza za anthuwa ali ndi zaka 40, ndi limene linadziwika kwambiri. Omaliza sekondale anali 77 peresenti m'gulu lolowa sukulu ndi 60 peresenti m'gulu lotsala. Opeza madola 20,000 kapena kuposa pa chaka anali 60 peresenti poyerekeza ndi 40. Omangidwapo kasanu kapena kuposa anali 36 peresenti poyerekeza ndi 55. Phindu silinagawike mofanana. Kwa atsikana linaonekera kwambiri pa kumaliza sukulu, ndipo kwa anyamata linaonekera pa kuchepa kwa milandu ndi pa ntchito.

James Heckman, katswiri wa zachuma wa pa yunivesite ya Chicago amene analandira mphoto ya Nobel mu 2000, anaunikanso ziwerengerozi pamodzi ndi anzake, poganizira kuchepa kwa anthu ndi zosintha zija zimene zinachitika pogawa magulu. Zotsatira zazikulu zinakhalabe. Mu 2010 anawerengera kuti ndalama zimene zinalowa m'sukuluyo zinkabweza phindu la 7 mpaka 10 peresenti chaka chilichonse, makamaka chifukwa cha ndalama zimene sizinawonongeke pa milandu ndi ndende.

Chinasintha n'chiyani?

Mu 2013 Heckman, Rodrigo Pinto ndi Peter Savelyev anatsegulanso mafomu amene aphunzitsi a pulayimale analemba za anawa ali ndi zaka za pakati pa 7 ndi 9. Anapeza kuti ana odutsa pa Perry ankachita ndewu mochepa, ankanama ndi kuba mochepa, ndipo ankasokoneza kalasi mochepa. Ambiri, makamaka atsikana, ankaonetsanso chidwi pa maphunziro. Kusiyana kumeneku pa khalidwe n'kumene kunafotokoza gawo lalikulu la zimene zinadzaoneka pa milandu ndi pa ntchito anawo atakula. Mafomuwo analipo kuyambira kale, koma m'zaka za m'ma 1960 maso a aliyense anali pa nambala ya IQ.

Ochita kafukufuku a HighScope amafotokoza nkhaniyi ngati unyolo. Mwana amene walowa kalasi yoyamba akudziwa kufunsa, kudikira ndi kumaliza chimene wayamba, mphunzitsi amamuona ngati wotha kuphunzira. Mwana wotero sabwerezetsedwa kalasi msanga ndipo satumizidwa ku kalasi ya ofooka nzeru, kumene ana akuda ambiri ankalowa osatulukanso. Akakhala m'kalasi ya anzake amaphunzira zimene anzake akuphunzira, makolo ake amayembekezera kuti amaliza, ndipo iyenso amayembekezera zomwezo. Pa sitepe iliyonse kusiyana n'kochepa, koma sitepe iliyonse imatsegula kapena kutseka yotsatira. Mawu akuti mmera mpoyamba amanena zomwezi, kungoti pa Perry zinatenga zaka makumi anayi kuti ziwerengero ziwavomereze.

Ana a ana aja

Anthu a m'kafukufukuyu atafika zaka za m'ma 50, anafunsidwanso, ndipo ulendo uno mafunso anakhudza ana awo. Mu 2019 Heckman ndi Ganesh Karapakula anasonyeza kuti ana obadwa kwa anthu odutsa pa Perry ankaimitsidwa sukulu mochepa, ankamaliza sekondale mochuluka ndipo ambiri anali pa ntchito, poyerekeza ndi ana a gulu lotsala. Ana amenewa sanapite pa Perry, chifukwa sukuluyo inatha mu 1967 iwo asanabadwe. Mabanja awo sanasamukirenso kumadera abwino kuposa anzawo. Chimene chinasiyana chinali m'nyumba: anakula zaka zambiri ndi makolo onse awiri, m'mabanja opeza ndalama zokhazikika, ndipo abambo awo sankasowa pakhomo kawirikawiri chifukwa cha ndende.

Umboni wa ku Kingston

Zofanana ndi zimenezi zinaonekanso kutali ndi Michigan, pa ntchito yotsika mtengo kwambiri. Mu 1986 ndi 1987, Sally Grantham-McGregor ndi anzake a pa yunivesite ya West Indies analemba ana 129 opinimbira, a miyezi 9 mpaka 24, m'madera osauka a mzinda wa Kingston ku Jamaica. Ena ankalandira mkaka wa ufa sabata iliyonse. Ena ankayenderedwa ndi azaumoyo a m'dera ola limodzi pa sabata kwa zaka ziwiri, kuphunzitsa amayi kusewera ndi kulankhula ndi mwana pogwiritsa ntchito zoseweretsa zopangidwa ndi zinthu za pakhomo ndi timabuku ta zithunzi. Ena ankalandira zonse ziwiri, ndipo ena sankalandira chilichonse mwa izi. Poyamba mkaka ndi maulendo zinathandiza zonse. Patapita zaka, phindu la mkaka silinaonekenso, koma la maulendo linakhala. Ali ndi zaka 22, amene anayenderedwa ankapeza ndalama zochuluka ndi 25 peresenti kuposa anzawo, ndipo anali atafanana ndi ana amene sanapinimbire.

Malire a nkhaniyi

Kafukufuku wa Perry ali ndi malire amene owerenga ayenera kuwadziwa. Anthu 123 ndi ochepa, ndipo onse anachokera m'dera limodzi. Sukuluyo inali yokwera mtengo, pafupifupi madola 15,000 pa mwana aliyense powerengera mtengo wa ndalama wa chaka cha 2000. Ana a gulu lotsala analibe sukulu ina ya mkaka yopitako, choncho kusiyana kunali kosavuta kuoneka. Ntchito zikuluzikulu zimene zinabwera pambuyo sizinabweretse zotsatira zofanana nthawi zonse. Ku Tennessee, kafukufuku wa ana pafupifupi 3,000 wofalitsidwa mu 2022 anapeza kuti ana odutsa m'sukulu za mkaka za boma ankachita moipirapo kuposa anzawo pofika kalasi yachisanu ndi chimodzi. Dzina lakuti sukulu ya mkaka palokha silipereka chitsimikizo. Zimadalira amene akuphunzitsa, chiwerengero cha ana amene ali nawo, ndi zimene amachita nawo.

Perry sinachotsenso tsankho limene anawa anakuliramo. Ngakhale m'gulu lolowa sukulu, munthu mmodzi pa atatu alionse anali atamangidwapo kasanu kapena kuposa pofika zaka 40, ndipo ndalama zimene ambiri ankapeza zinali zochepa pa muyeso wa dzikolo. Mafakitale a magalimoto a ku Michigan anachepetsa antchito m'zaka zimene anthuwa ankafuna ntchito, ndipo ndende za United States zinadzaza ndi amuna akuda kuyambira m'ma 1980. Sukulu ya zaka ziwiri inathandiza ena kupeza njira m'dziko limene silinasinthe kwenikweni.

Phunziro kwa oyeza ntchito za ana

Mozambique nayo ili ndi kafukufuku wake wa mtundu umenewu. Kuyambira 2008 mpaka 2010, bungwe la Save the Children linatsegula sukulu za mkaka m'midzi 30 ya m'chigawo cha Gaza, yosankhidwa mwa maere pa midzi 76, ndipo Banki Yaikulu ya Dziko Lonse inayerekeza magulu awiriwo. Lipoti la 2012 linasonyeza kuti ana odutsa m'sukuluzo ankalowa pulayimale mochuluka ndi 24 peresenti, ndiponso kuti amene ankawalera ankapeza mpata wogwira ntchito. Zimenezi ndi zotsatira za zaka ziwiri zoyambirira, msinkhu umene pa Perry unali chiyambi chabe cha nkhani.

Ntchito zambiri za maphunziro zimapatsidwa ndalama za zaka zitatu kapena zisanu, ndipo zimayezedwa ndi mayeso amodzi pa mapeto. Mbiri ya Perry ikusonyeza kuti mayeso otere angathe kuyamikira msanga kapena kutsutsa msanga. Zinthu zimene zinadzafotokoza moyo wa ana a ku Ypsilanti zinali zosavuta kulemba: amene anabwereza kalasi, amene anasiya, amene anatumizidwa ku kalasi ina, zimene mphunzitsi ananena za khalidwe la mwana, ndi zimene makolo ankayembekezera. Sukulu iliyonse ya kumudzi ingathe kusunga zimenezi m'kaundula wake. Zinadzakhala umboni chifukwa panali anthu amene anasunga mayina 123 aja, m'magulu onse awiri, n'kupitiriza kuwafunafuna ngakhale m'zaka zimene zotsatira zinkaoneka ngati palibe.